Mbiri ya Aneni a Chingerezi ndi Nthawi Yakale

Munthu aliyense amene ayamba kuphunzira Chingerezi amafika pa phunziro limodzi lotopetsa, ndilo la aneni ndi nthawi yakale. Mneni ndi liwu lonena ntchito imene munthu achita, monga kulima, kudya ndi kupita. Poyamba mphunzitsi amapereka lamulo lapafupi, kuti pofuna kunena zimene zinachitika kale tiwonjezere -ed kumapeto kwa mneni. Motero walk, ndiko kuti kuyenda, asanduka walked. Wophunzira akondwera nalo lamuloli. Koma pasanapite masiku ambiri amva kuti go asanduka went, see asanduka saw, ndipo sing asanduka sang.

Apa ndi pamene ambiri amatayira mtima, makamaka akuluakulu amene agwira pensulo imvi zitayamba kale. Ena amati, "Mutu wanga ndi wouma." Ena amati Angerezi anapotoza dala chinenero chawo kuti alendo azivutika. Tsono m'nkhani ino tiona kumene aneni amenewa anachokera, pakuti chinthu chimene munthu adziwa chiyambi chake sachedwa kuchigwira.

ALENDO OWOLOKA NYANJA

Chingerezi sichinabadwire ku England. Kwa zaka zoposa 300 mbali yaikulu ya chilumba cha Britain inali m'manja mwa Aroma, koma ulamuliro wawo unatha cha m'ma 410. Pambuyo pake kunafika mitundu itatu ya anthu, Angles, Saxons ndi Jutes, kuchokera ku maiko amene lero titcha Germany ndi Denmark. Bede, wansembe wa ku Jarrow amene anatsiriza buku lake la mbiri m'chaka cha 731, anaika kufika kwawo cha m'ma 449. Dzina lakuti England litanthauza dziko la Angles.

Chinenero chimene anthuwa anabwera nacho timachitcha Chingerezi Chakale. Chinali chosiyana kwambiri ndi cha lero, kotero kuti Mngerezi wa masiku ano sangathe kuchiwerenga ngati sanachiphunzire. M'chinenerocho munali njira ziwiri zonenera nthawi yakale, ndipo njira zonse ziwiri zilipobe.

NJIRA YA MAKOLO

Njira yoyamba inali yosintha lembo la liwu m'kati mwa mneni. Malembo a liwu ndiwo a, e, i, o, u. Kuimba ankati singan. Ngati munthu anaimba dzulo ankati sang. Nyimbo yoimbidwa ankati sungen. Kumwa ankati drincan, dranc, druncen. Kodi simukuwazindikira? Ndiwo sing, sang, sung ndi drink, drank, drunk a lero, ndipo asintha pang'ono pokha m'zaka zoposa 1,000.

Chofunika kudziwa ndi ichi: masiku amenewo kusintha kotere kunali lamulo. Aneni a mtundu umenewu anali oposa 300, ndipo anagawidwa m'mabanja asanu ndi awiri. Banja lililonse linali ndi kayimbidwe kake. Mwana amene ankadziwa ridan, rad, riden sankavutika ndi writan, wrat, writen kapena drifan, draf, drifen. Banja limeneli likalipo: ride, rode, ridden, write, wrote, written, drive, drove, driven. Aneni amene ife lero timati satsata lamulo anali kutsata lamulo la makolo awo.

Lamulo limeneli ndi lakale koposa Chingerezi chimene. Mjeremani akafuna kunena za kuimba amati singen, sang, gesungen, chifukwa Chijeremani ndi Chingerezi ndi ana a mimba imodzi. M'chaka cha 1786 Sir William Jones, woweruza milandu ku Calcutta m'dziko la India, anaonetsa kuti Sanskrit, chinenero chakale cha ku India, chifanana ndi Chigiriki ndi Chilatini, ndipo anati zonsezi ziyenera kuti zinatumphuka pa muzu umodzi. Ife sitingadabwe nazo, pakuti timadziwa kuti liwu lathu lakuti munthu pa Chiswahili ndi mtu ndipo pa Chizulu ndi umuntu. Akatswiri amene anatsata Jones anapeza kuti Chingerezi nacho chili m'banja lomwelo, ndi kuti kusintha lembo la liwu kunachokera kwa kholo la zinenero zonsezi, limene linkalankhulidwa zaka 5,000 zapitazo kapena kuposa, anthu ake asanadziwe kulemba.

NJIRA YA PAMBUYO

Njira yachiwiri, yowonjezera -ed, inadza pambuyo, ndipo inabadwira pakati pa makolo a Angerezi, Ajeremani ndi abale awo a kumpoto kwa Ulaya. Inkagwira ntchito makamaka pa aneni atsopano opangidwa kuchokera ku mawu ena. Chikondi ankati lufu, kukonda ankati lufian, ndipo anakonda ankati lufode, ndiye loved wa lero. Akatswiri ambiri amaganiza kuti kachidutswa aka kanachokera kwa mneni do, ndiko kuti kuchita, ngati kuti munthu akunena kuti "kukonda anachita".

Amene anapatsa maina magulu awiriwa ndi Jacob Grimm wa ku Germany, yemwe pamodzi ndi mng'ono wake Wilhelm anatchukanso posonkhanitsa nthano za kwawo. M'buku lake la galamala la m'chaka cha 1819 anatcha gulu loyamba aneni amphamvu, popeza amanena nthawi yakale mwa mphamvu yawoyawo. Gulu lachiwiri analitcha aneni ofooka, popeza amayenda ndi ndodo ya -ed. Koma monga tiona tsopano, ofookawo ndiwo anadzalanda dziko.

ANKHONDO A KUMPOTO NDI A KUMWERA

M'chaka cha 793 anthu a ngalawa otchedwa Vikings, ochokera ku maiko a Norway ndi Denmark, anathira nkhondo nyumba ya ansembe pa chilumba cha Lindisfarne. Poyamba ankangofunkha ndi kubwerera, koma pambuyo pake anamanga midzi. Mfumu Alfred, amene analamulira Wessex kuyambira 871 kufikira 899, analimbana nawo mpaka anagwirizana zogawana dziko, alendowo natenga chigawo cha kumpoto ndi kum'mawa. Kumeneko mitundu iwiriyi inakwatirana ndi kugulitsana malonda. Zinenero zawo zinali zapachibale, ndipo mawu ambiri a alendo analowa m'Chingerezi. Kutenga Angerezi ankati niman, koma liwu la alendo linapambana, ndilo take, ndipo linabwera ndi kusintha kwake: take, took, taken.

Kusintha kwakukulu koposa kunadza m'chaka cha 1066, pamene William wa ku Normandy, m'dziko la France, anagonjetsa Mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings. Kuyambira pamenepo mafumu, nduna ndi eni malo ankalankhula Chifalansa, ndipo mpingo unkalemba Chilatini. Chingerezi chinatsala m'kamwa mwa alimi, abusa a nkhosa ndi antchito. Panapita zaka pafupifupi 300 chisanabwerere pa ulemu wake. M'chaka cha 1362 ndi m'mene munakhazikitsidwa lamulo lakuti milandu izikambidwa m'Chingerezi.

M'zaka zimenezo mawu a Chifalansa okwana ngati 10,000 analowa m'Chingerezi. Pakati pawo panali aneni monga arrive, kufika, marry, kukwatira, serve, kutumikira, pray, kupemphera, change, kusintha. Mneni wachilendo alibe banja m'mudzi, chotero pafupifupi onsewa anapatsidwa -ed. Ifenso timachita chimodzimodzi. Titabwereka mawu akuti sign ndi win, tinawaveka zovala zathu, ndipo timati ndinasayina, ndasayina, ndidzasayina, anawina, adzawina. Mlendo amatsata mwambo wodziwika kwa onse.

Aneni a -ed atachuluka chotere, eni mudzi nawonso anayamba kuwatsanzira. Kale help, ndiko kuti kuthandiza, anali mneni wamphamvu, ndipo ankati healp ndi holpen. Lero ndi helped. Climb, kukwera, anali ndi clomb. Lero ndi climbed. Walk, bake ndi laugh nawonso anali amphamvu. Ena ambiri anangofa, osamvekanso. Mabanja asanu ndi awiri aja anapasuka, ndipo otsala ake anaoneka ngati anthu osadziwa mwambo, chonsecho ndiwo anali eni nthaka.

WENT NDI WAS

Aneni awiri ali ndi mbiri yawoyawo. Woyamba ndi go. Palibe lembo ngakhale limodzi lofanana pakati pa go ndi went, ndipo chifukwa chake n'chakuti went ndi wobwereka. M'Chingerezi Chakale kupita ankati gan, ndipo anapita ankati eode. Panalinso mneni wina, wendan, wotanthauza kutembenuka kapena kulowera kwina. Pang'onopang'ono eode anaiwalika, ndipo pofika cha m'ma 1500 anthu anali atatenga went, amene anali nthawi yakale ya mneni winayo, namuika m'malo mwake. Mneni wolandidwayo akalipo, ndiye wend, koma samveka kawirikawiri, ndipo anachita kupangirwa nthawi yakale yatsopano, wended.

Wachiwiri ndi be, ndiko kuti kukhala. Uyu ndi aneni atatu omangidwa mtolo umodzi. Am ndi is anachokera ku muzu wina. Be ndi been anachokera ku muzu wotanthauza kukula kapena kusanduka. Was ndi were anachokera ku muzu wotanthauza kukhala pa malo. Tisanawaseke Angerezi, tiyang'ane kwathu. Timati ndili bwino, ndiponso ndinali bwino. Koma za mawa timati ndidzakhala bwino. Tasiya -li ndi kubwereka -khala, ndipo palibe Mchewa amene amaona chachilendo pamenepo, chifukwa anazimva ali kumsana kwa amake.

ANENI OPEREPESEKA

Si aneni onse ovuta amene anali amphamvu. Ena anali ofooka, koma anaperepeseka ndi kutchulidwatchulidwa, monga khasu limatha ndi kulima. Made kale anali makede, koma lilime linameza malembo a pakati. Pa keep, kept ndi feel, felt ndi leave, left, lembo t lakumapeto ndi -ed yemwe uja. Kulemera kwake ndiko kunafupikitsa liwu lam'kati. Pa send, sent ndi spend, spent kachidutswako kanaphatikana ndi d wa mneni. Pa set, cut, put ndi hit, mneni anali kale ndi t kumapeto, ndipo kachidutswako kanamira m'menemo osaonekanso. N'chifukwa chake aneni amenewa sasintha konse.

Palinso think, thought, bring, brought, buy, bought, teach, taught. Ophunzira amafunsa chifukwa chake timalemba gh pamene sititchula. Yankho n'lakuti kale malembowa ankatchulidwa, ndi liwu lochokera kukhosi. Liwulo linafa m'kamwa, koma malembo ake anatsala papepala. Banja ili linakopa ngakhale mlendo mmodzi: catch anachokera ku Chifalansa, koma m'malo motenga -ed anasanduka caught.

MAKINA OSINDIKIZA MABUKU

Kwa nthawi yaitali chigawo chilichonse cha England chinkalankhula ndi kulemba mwa njira yake. Zinthu zinayamba kukhazikika William Caxton atakhazikitsa makina osindikiza mabuku ku Westminster m'chaka cha 1476, pakuti mabuku anafalitsa kalankhulidwe ka ku London. Komabe kukhazikikako kunatenga nthawi. M'Baibulo la Chingerezi la m'chaka cha 1611, lotchedwa ndi dzina la Mfumu James, mukupezeka spake m'malo mwa spoke, holpen m'malo mwa helped, ndi digged m'malo mwa dug. Samuel Johnson anatulutsa buku lake lomasulira mawu mu 1755, ndipo Robert Lowth anatulutsa galamala yake mu 1762. Lowth anadzudzula olemba amene ankasokoneza wrote ndi written. Mabuku otere, pamodzi ndi masukulu, ndiwo anaumitsa mndandanda umene timaloweza lero.

Ngakhale zili choncho, chinenero sichiima. Dug ndi wamng'ono kwa digged, kusonyeza kuti nthawi zina mneni wofooka amasanduka wamphamvu. Ku America anthu ambiri amati dove pamene a ku England amati dived, ndiponso anasunga gotten amene ku England anachepa. Learnt ndi learned onse ndi olondola.

CHIFUKWA CHAKE TIMALOWEZA MAWU ATATU

Mwina mwadabwa kuti mphunzitsi amakuuzani kuloweza mawu atatu, monga write, wrote, written. Lachitatulo poyamba linkafotokoza chinthu chimene ntchito yachitikapo, monga ife timati kalata yolembedwa. Angerezi akale ankanena ngati kuti "ndili nayo kalata yolembedwa", ndipo m'kupita kwa nthawi mawuwo anasanduka njira yonenera kuti "ndalemba kalata". Umo ndi m'mene have anakhalira mthandizi wa aneni ena. Tiyerekeze ndi chinenero chathu:

I wrote: ndinalemba.
I have written: ndalemba.
I had written: ndinali nditalemba.
I was writing: ndinali kulemba.
I used to write: ndinkalemba.

Onani kuti ife timaika chizindikiro cha nthawi mneni asanayambe, monga -na-, -a- ndi -nka-, pamene Angerezi amachiika kumapeto, kapena m'kati, kapena pa mthandizi. Maganizo ake ndi omwewo, ndipo munthu wodziwa kusiyanitsa ndalemba ndi ndinalemba wayenda kale theka la ulendo, ngakhale kuti nthawi za zinenero ziwirizi sizilingana ponseponse.

Mthandizi wina ndi did. M'masiku a William Shakespeare, amene anamwalira mu 1616, munthu ankatha kufunsa kapena kukana popanda did. Koma pofika cha m'ma 1700 did anali atakhazikika m'mafunso ndi m'mawu okana. Tsono popeza did wasenza kale nthawi yakale, mneni womutsata amabwerera pa tsinde lake. Timati did you go, osati did you went. Timati I did not see, osati I did not saw. Katundu mmodzi sasenzedwa pa mitu iwiri.

CHIMENE CHINAWASUNGA

Funso lotsala ndi ili: ngati help ndi climb anagonja, nanga go, see ndi take anapulumuka bwanji? Chinawasunga ndi ntchito. Njira ya kuchitsime simera udzu, chifukwa anthu amaipondaponda; njira ya kumunda wosiyidwa imatsekeka chaka chimodzi. Mneni amene mwana amamumva kambirimbiri pa tsiku amakhazikika m'mutu monga alili. Koma mneni womveka kamodzikamodzi amaiwalika kusintha kwake, ndipo wolankhula amangomuveka -ed.

M'chaka cha 2007 akatswiri a pa yunivesite ya Harvard ku America, motsogozedwa ndi Erez Lieberman, anawerenga zimenezi ndi kufalitsa zimene anapeza m'magazini ya Nature. Anatsata aneni 177 amene m'Chingerezi Chakale sankatenga -ed. Anapeza kuti m'zaka za pakati anatsala 145, ndipo m'Chingerezi cha masiku ano atsala 98. Amene anagonja msanga ndi aja osatchulidwa kawirikawiri. Ndipo aneni amene amamveka koposa onse m'Chingerezi, monga be, have, do, say, go, get, make, know, see ndi take, onsewo satsata lamulo la -ed.

Ana a Angerezi nawonso amapunthwa pa mwala womwewu. Mwana wa zaka zitatu kapena zinayi, atazindikira lamulo la -ed, amayamba kunena goed ndi bringed, ngakhale sanamvepo munthu wamkulu akutero. M'chaka cha 1958 Jean Berko wa ku America anayesa ana aang'ono powapatsa aneni ongopeka, ndipo anawo anawonjezera -ed mwa iwo okha. Chotero inu mukanena goed, dziwani kuti nzeru zanu zagwira lamulo bwino lomwe; chatsala n'kudziwa nkhalamba zimene lamulolo silizikhudza.

MALANGIZO KWA OPHUNZIRA

Mbiri imeneyi itipatsa malangizo anayi.

Loyamba, musaope kuchuluka kwawo. Aneni a Chingerezi ndi zikwizikwi, koma osatsata lamulo ali pafupifupi 200 okha, ndipo ambiri mwa iwo samveka kawirikawiri. Mneni watsopano wolowa m'chinenero amatenga -ed.

Lachiwiri, muwaphunzire m'mabanja awo, osati motsata a, b, c. Ikani pamodzi sing, ring, drink, swim ndi begin. Ikani pamodzi blow, grow, know ndi throw, amene asanduka blew, grew, knew ndi threw. Ikani pamodzi speak, break, steal ndi freeze. Mukadziwa mmodzi, abale ake sakhalanso alendo.

Lachitatu, muwatchule mokweza. Aneni amenewa anasungidwa ndi makutu ndi pakamwa kwa zaka zambiri anthu asanawalembe, ndipo khutu limagwira kayimbidwe kawo msanga koposa diso.

Lachinayi, yambani ndi amene mudzawafuna lero ndi mawa, polemba kalata, pofotokozera dokotala za matenda, kapena popereka umboni pa mlandu. M'malo otere munthu amafunsidwa zimene zinachitika, ndipo kusiyana kwa I pay ndi I paid kungathe kukhala kusiyana kwa ngongole ndi ufulu. Madzulo aliwonse nenani ziganizo zitatu za zimene mwachita tsikulo: kumene munapita, amene munamuona, chimene munagula. Mukatero mudzakhala mwatchula went, saw ndi bought, ndipo mudzawasunga mwa njira yomweyo imene Angerezi anawasungira.

Akulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Aneni asanu pa sabata akwana 200 chaka chisanathe.